Nkhondo ya Mchenga wa pa Phazi la a Kamtedza

Khalani chete, inu a ku Croydon ndi inu a ku Ilford, inu okwera tramu kusanache ndi inu oweruka kuntchito maso ali psuu, pakuti ndikamba za chaka cha 2006, chaka chimene mvula inanyanyala mu London mpaka eni madzi analetsa anthu kuthirira maluwa ndi paipi. Masiku amene munthu ankakanda khadi ndi chikhadabo kuti aimbe foni kumudzi, khadilo n'kutha moni ali pakati. Masiku amene mzere wa opempha mapepala unkazungulira chinyumba cha imigireshoni mbalame zisanadzuke. M'chaka chimenecho amuna awiri aimvi, ovala mataye Lamulungu lililonse, anamenyana nkhondo pa gombe la nyanja ya mchere, nkhondo imene inatsala pang'ono kupasula ukwati usanamangidwe, ndipo chuma chimene ankalimbirana chinali mchenga wodzadza kabotolo kamodzi ka mafuta odzola.

Ngwazi ya nkhani ino ndi a Biswick Kamtedza, Njovu ya ku Croydon, Mwini Madigiri Awiri, Woyeza Magazi a Azungu, Iye Amene Anaima pa Mzere wa Mapepala Kasanu Osakomoka. Anabadwira ku Zomba, ankagwira ntchito m'labu ya chipatala, ndipo munthu akatchula za ufiti pamaso pawo ankavula magalasi n'kunena kuti, "Ine ndine scientist," ngati kuti wina wawafunsa. Kwa miyezi isanu ndi umodzi anali atalowa chipembedzo cha gofu. Ndodo anagula zakale pa msika wa m'mabuti a galimoto, ndipo Loweruka lililonse ankapita kumalo kumene anthu amamenya mipira ataima pa kamkeka ka pulasitiki, pansi pa denga, mphepo ili kunja. Pa udzu weniweni anali asanamenyepo mpira, koma zimenezi sizinawaletse kuphunzitsa amuna onse a mumpingo kagwiridwe ka ndodo pogwiritsa ntchito ambulera.

Tsono a Kamtedza anali ndi mphamvu imodzi yeniyeni pa dziko lapansi. Alinane, mwana wa mlongo wawo, amene anamaliza maphunziro ku Greenwich, ankafuna kukwatiwa ndi Simba Mbewe, ndipo mayi a Alinane ku Zomba anali atalamula pa foni kuti chimene anene malume ake ndi chomwecho. Chinkhoswe chinaikidwa pa Loweruka lachitatu la Julaye, holo inapezeka, nkhuku zinaitanitsidwa. Chinatsala ndi khosi la a Kamtedza kuti ligwedere kutsogolo, ndipo khosilo linkauma. Mnyamatayo analibe chilema, anali wokonza magetsi wodziwa kupereka moni ndi manja awiri. Chilema chinali bambo ake.

A Tafirenyika Mbewe, Woyendetsa Basi ya ku Ilford, Wochepa Mawu, anabadwira pa famu ya fodya ku Mvurwi m'dziko la Zimbabwe, kumene bambo awo anafika wapansi kuchokera ku Ntcheu. Chichewa chawo chinali cha m'komboni ya pa famu, chowaza Chishona apa ndi apo, ndipo a Kamtedza akamachimva ankatsinzina ngati aluma mwala mu mpunga. "Anthu a m'mafamu," ankatero kwa akazi awo, a Ivy, "alibe mudzi, alibe manda a makolo, alibe background."

Tsoka linabwera litavala zovala za mwayi. Kuntchito kunachitika mpikisano wa matikiti, ndipo a Kamtedza anapata mphoto ya kukasewera anthu awiri pa bwalo la gofu lakalekale ku gombe la Kent, la mtundu umene eni ake amautcha links, limene linatsegulidwa agogo a agogo awo asanaoneko nsapato. Tsiku lomwelo anaimbira a Mbewe kuwaitana.

"A bambo a Trevor, mukuwatengeranji a Mbewe?" anafunsa a Ivy. "Munawaonapo atagwira ndodo?"

"N'chifukwa chake ndawaitana. Akaone level ya banja limene mwana wawo akufuna kulowamo."

"Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero a Ivy, n'kupitiriza kusita malaya awo a kolala.

Loweruka lachiwiri la Julaye, patatsala masiku asanu ndi awiri kuti chinkhoswe chichitike, gulu la nkhondo linanyamuka. Njovu ya ku Croydon inavala kabudula wa mizeremizere, chipewa choyera, gulovu ya dzanja limodzi, ndi nsapato zatsopano za minga kunsi, zimene inazitulutsa m'bokosi pofika pa bwalo penipeni kuti zisade. A Mbewe anabwera ndi thalauza la kuntchito, juzi ya buluu, ndi ndodo zinayi zokha zomanga ndi lamba, zobwereka kwa mnzawo wa kudepoti. A Kamtedza ataziona anamva chisoni chokoma, cha mtundu umene munthu amamva akaona mnzake akubwera ku ukwati ndi mapatapata.

Koma bwalolo linawakhumudwitsa. Ankayembekezera mitengo yodulidwa bwino, maiwe a nsomba ndi maluwa, ngati za pa TV. Anapeza chipululu cha zitunda za mchenga, udzu wofiirira wouma gwa, zitsamba zaminga, ndi nyanja yotuwa ikulira kuseri kwa zitundazo. Mtengo panalibe ngakhale umodzi woti munthu n'kubisalako. Paliponse panali nkhuti za mchenga, zozama kupitirira munthu, makoma ake omangidwa ndi zigamba za udzu zosanjikizana ngati njerwa. Ndipo panali mphepo, imene inachokera ku France yosaima pa imigireshoni iliyonse, n'kufikira kuchotsa chipewa cha a Kamtedza asanapereke moni kwa aliyense.

"Ili ndi dambo lodyetsera nkhosa," anatero, atachigwira chipewa chija kachitatu.

A Mbewe anavula chisoti chawo, naimirira nthawi yaitali akuyang'ana zitundazo.

Pa malo oyambira panali nkhalamba ya Chizungu, a Paterson, Mlonda wa Chipata, imene inawerenga malamulo ngati ikuwerenga chigamulo: mabowo ndi khumi ndi asanu ndi atatu, osachedwetsa anthu a m'mbuyo, ndipo amene walowa m'nkhuti ya mchenga afufute mapazi ake ndi reki imene ili pambali. A Kamtedza anagwedeza mutu ngati malamulowo analemba ndi iwo.

Ndipo nkhondo inayambika ndi mpira woyamba. Mwini Madigiri Awiri anatambalala, anagwedeza chiuno kasanu, anakweza ndodo mpaka kumwamba, namenya ndi mphamvu za makolo ake onse a ku Zomba; mpira unakwera mokongola kwambiri, unaima kumwamba ngati ukuganiza, kenako mphepo inautenga n'kukautula m'nyanja. Wachiwiri unatsatira mkulu wake. Wachitatu unakalowa m'minga, ndipo a Kamtedza anati umenewo ndiwo ankafuna, chifukwa kumeneko kuli angle.

A Mbewe anatenga ndodo yadzimbiri, sanatambalale, sanagwedeze chiuno. Anamenya pang'ono chabe, mpira unauluka chapansipansi pa msinkhu wa chiuno, pansi pa mphepo, unatera pa udzu wouma uja n'kuthamanga wokha, kukwera chitunda, kutsika chitunda, mpaka kukagona pafupi ndi mbendera ya pa bowo.

"Mwayi wa woyamba kumene," anatero a Kamtedza.

"Ndi mwayi ndithu, asebele," anavomera a Mbewe.

Mwayiwo unabweranso pa bowo lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Ndipo monga munthu akamagonja ndi manja amathamangira pakamwa, a Kamtedza anayamba kuponya mikondo ya mawu. Anafunsa ngati ku famu ankamenya mipira ya ndowe. Anafunsa ngati bambo awo a Mbewe anasiya kanthu kena kupatula khasu. Anafotokoza kuti gofu ndi masewera a mabwana, kuti kale anthu ngati a m'komboni ankaloledwa kulowa pa bwalo pokhapokha atasenza chikwama cha munthu wina, ndipo anaseka okha, mphepo n'kuwabwezera kusekako kumaso. A Mbewe anangopitiriza kumenya mpira wawo.

Pa bowo lachisanu ndi chiwiri pali nkhuti imene eni bwalo amaitcha Manda a Amalinyero, yotsikira pa makwerero a matabwa. M'menemo ndi mmene Njovu inagwera. Inamenya kamodzi, mchenga unauluka, mpira unatsala. Inamenya kachiwiri, mpira unagunda khoma n'kubwerera pakati pa miyendo yake. Inakumba, inapondaponda, inazika mapazi mpaka m'akakolo, inatukwana m'zilankhulo ziwiri, ndipo pa ulendo wachisanu ndi chinayi, poona kuti mnzake wayang'ana kunyanja, inatola mpira ndi dzanja n'kuuponya kunja. Inakwera makwerero ikupuma ngati ng'ombe ya pa ngolo, n'kuiwala reki.

Atayenda mapazi makumi awiri, a Kamtedza anacheuka. A Mbewe anali atatsikira m'nkhutimo. Anali atagwada. Anatulutsa kabotolo m'thumba la juzi, natapa mchenga pamalo penipeni pamene phazi lamanja la a Kamtedza linazikika, milomo yawo ikuyenda ngati akulankhula ndi munthu wosaoneka. Anatseka kabotolo, nakabisa m'thumba, kenako anatenga reki n'kufufuta zonse mwaluso, kusiya mchenga uli see ngati sipanapondepo munthu.

Pamenepo madigiri awiri aja anatsanzika. Sayansi yonse ya m'labu inathawa m'mutu, m'malo mwake munalowa malume awo a ku Jali, amene mnansi anawatapa phazi chifukwa cha malire a munda, mwendo n'kutupa mpaka kulephera kulowa m'thalauza. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti dothi la pa phazi la munthu silitapidwa mwamasewera. Ndipo nthawi yomweyo a Kamtedza anazindikira kuti chala chachikulu cha phazi lamanja, chimene chinkangonyerenyetsa chiyambire m'mawa, tsopano chikuwawa zenizeni. Anachita mantha, mantha enieni a mwana wa ku Zomba, ndipo zonse zinamveka: mipira yothamanga yokha, mphepo yodana ndi munthu mmodzi, kufatsa kwa woyendetsa basi.

Mabowo atatu otsatira a Kamtedza anayenda akuponda pa udzu pokhapokha, ndipo akaponda pa mchenga ankabwerera kukafufuta ndi chipewa. Pa bowo la khumi ndi chimodzi, pamwamba pa chitunda, nyanja ili kumbuyo kwawo, anazika ndodo pansi nalankhula.

"A Mbewe, ine Biswick, mwana wa Kamtedza, ndinakutengani pa galimoto yanga, ndinakupatsani mpando wakutsogolo, ndinakutsegulirani chipata chimene mtundu wanu wonse sukanachiona. Ndipo inu mwandibwezera chiyani? Ndakuonani ndi maso angawa. Tulutsani phazi langa."

"Phazi lanu lili m'nsapato, asebele."

"Musanditchule asebele. Tulutsani botolo."

A Mbewe anagwira thumba la juzi. Nkhope yawo inada. "Mchengawu si wanu. Ndi nkhani ya ine ndekha."

"Ngati si wanga, bwanji pa mchenga wonse wa mu England mwasankha wa pamene ndinaponda ine? Munkanong'ona chiyani? Explain."

"Munaponda nkhuti yonse, baba. Panalibe pamene simunaponde."

Choonadi chimapweteka kuposa chala. A Kamtedza anasolola ambulera yaikulu ya gofu, a Mbewe anatola reki ya pa nkhuti yapafupi, ndipo magulu awiri a nkhondo anayang'anizana pa chitunda, wina akutsimphina, wina atagwira thumba. Ambulera inalasa, reki inatchinga, mphepo inalowa m'ambulera n'kuitembenuza, niikoka ngwazi yathu masitepe asanu cham'mbali. Kumbuyo kwawo amayi anayi okalamba, amene anali atadikira kuyambira pa bowo lachisanu, anatsamira ndodo zawo akuonerera mwaulemu.

A Paterson anafika pa kagalimoto ka batire nafunsa m'Chingerezi kuti vuto n'chiyani. Apa ndi pamene adani awiri anakhala mtundu umodzi kwa mphindi imodzi, pakuti ndani angauze Mzungu wa zaka makumi asanu ndi awiri kuti munthu woyeza magazi m'chipatala akuopa kulodzedwa chala?

"Watenga mchenga," anatero a Kamtedza potsiriza, mawu atachepa.

A Paterson anayang'ana zitunda, anayang'ana gombe lotalika mpaka kumene maso amalekera, anayang'ananso amuna awiriwo. Anati bwalo likhoza kupirira kutaya kumeneko, ndipo anapempha kuti amayi aja adutse.

Masewera anatha monga amathera maliro a munthu wopanda abale. A Mbewe anamenya ka 84, a Kamtedza ka 141, osawerengera mipira ya m'nyanja ndi ya pamanja, ndipo pa gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa. Pa bowo lomaliza panalibe kugwirana chanza. Njovu inaima pafupi ndi mbendera nilengeza kuti: "Malinga ngati ine ndili moyo, ndipo sindikudziwa kuti mwandisiyira masiku angati, mwana wa mlongo wanga sadzalowa m'banja lotapa anthu mapazi. Chinkhoswe chafa." Inakwera galimoto yokha, ndipo Woyendetsa Basi anabwerera ku Ilford pa sitima, ndodo zinayi pamiyendo.

Masiku anayi otsatira ndi amene olemba mbiri amawatcha Kuzingidwa kwa Croydon. Makhadi a foni anakandidwa mpaka zikhadabo kutha. Zomba inaimbira Croydon, Croydon inakana kuyankha, Ilford inangoti zii. Chikhadabo cha chala chija chinada bii, ndipo a Kamtedza ankachionetsa kwa aliyense wolowa m'nyumba ngati chilonda cha ku nkhondo. Anadziyeza okha magazi kuntchito, osapezamo kanthu, ndipo anati umenewo ndiwo umboni, chifukwa zinthu zimenezi sizioneka pa makina. Alinane anabwera kawiri, analira kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anasiya diresi yake ya chitenje, yosokera chinkhoswe, pa mpando osaitenga. A Kamtedza anaiona diresiyo, mtima unawapweteka, koma chala chinapweteka koposa.

Lachinayi masana a Ivy, amene anali atatopa ndi kuphikira wovulala, anaitanitsa bwalo la milandu m'chipinda chawo chochezera. Anakhazika amuna awo pa sofa, phazi pa kampando. Anakhazika Alinane pafupi ndi khomo. A Mbewe anafika ndi yunifolomu ya kuntchito, naika kabotolo kaja pa tebulo, ndipo a Kamtedza anabweza phazi lawo msangamsanga.

"A Mbewe," anatero a Ivy, "mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwanayu akulira chifukwa cha botolo ili. Tiuzeni."

A Mbewe anagwira kabotolo kaja.

"Baba anga anali wonyamula zikwama pa kalabu ya gofu ya azungu a mafamu," anatero. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Kusenza chikwama, kufuna mipira m'tchire, kusalaza mchenga. Kusewera sankaloledwa. Ankandiphunzitsa ine kuseri kwa shedi ya fodya ndi ndodo yothyoka imene bwana anataya. Tsono bwana wawo ankati akaphonya, mlandu unali wa baba. Amati, iwe sudziwa kusalaza, ndiponso uwu si mchenga, mchenga weniweni uli kwathu ku links. Tsiku lililonse, mchenga weniweni uli ku links. Pamene ndinkabwera kuno baba anati, Tafi, ukakafika ukanditengereko, ndidzauone mchenga umene ndinatukwanidwira."

Anakhosomola, ngakhale kuti sichinali chifuwa.

"Anamwalira mu February. Passport yanga ili m'chinyumba chija cha imigireshoni chaka chachinayi, sindikanapita. Maliro ndinamvera pa foni, khadi inatha asanatsitse bokosi. Mayi wina wa ku church akupita ku Harare Lachiwiri, ndimati akathire pamanda. Mumafunsa kuti ndinkanong'ona chiyani. Ndimati, baba, ndafika."

"Nanga osanena bwanji pa chitunda paja?" anafunsa a Ivy.

"Ndikananena bwanji, mai, munthu atangomaliza kuseka onyamula zikwama?"

A Kamtedza anachita manyazi, manyazi otentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu, pakuti anakumbukira mawu awo onse a pa bowo lachinayi, limodzi ndi aja a anthu opanda manda a makolo. Munthu wina akanapepesa pomwepo. Koma Njovu sigwa tsiku limodzi, ndipo pakati pa manyaziwo inatulukira choopsa chatsopano.

"Ndiye kuti," inatero pang'onopang'ono, "phazi langa likupita kumanda?"

A Ivy anadzuka, analowa kuchipinda, nabwera ndi nsapato yamanja ya gofu. Anapisamo dzanja mpaka kumapeto, natulutsa chimpira cha pepala, chija a m'sitolo amaika kutsogolo kwa nsapato yatsopano, chitaphwatalala ndi kuponderezedwa mabowo khumi ndi asanu ndi atatu. Anachiika pa tebulo pafupi ndi kabotolo.

"Mfiti yanu ndi iyi, a bambo a Trevor. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Inu munasiya zonse ziwiri."

A Kamtedza anachiyang'ana chipepalacho, anavula magalasi, anawavalanso.

"Nanga anachiikamo ndani?"

Apa Alinane anagwada pafupi ndi kampando ka phazi. "Malume, munandilandira pa airport ndili ndi jekete ya Form Four, munandiperekeza pa mzere uja kawiri mvula ikugwa. Ine kuno ndilibe wina. Mukakana, Loweruka palibe amene angaime kumbali yanga. Please, malume."

Sizinali zoseketsanso, ndipo ngakhale ngwazi inadziwa. Inali pakati pa mantha ake ndi mwana wa mlongo wake, ndipo kunena zoona mantha sanachoke, chifukwa pepala limafotokoza za chala koma silifotokoza za malume a ku Jali. Inaganiza mozama kuposa mmene inaganizira pa mayeso a digiri yachiwiri, kenako inaimirira ndi mwendo umodzi n'kulengeza mfundo za mtendere.

"Mchenga upite. Munthu wosenza chikwama zaka makumi atatu ndi chimodzi sangamanidwe chifukwa cha chala changa. Koma monga scientist, sindingalole kuti sample ichoke m'nyumba muno isanapangidwe sterilise."

Motero pangano la mtendere wa ku Croydon linasindikizidwa m'khitchini. Mchenga unakhuthulidwa m'mbale ya alendo, ya maluwa m'mbali. A Kamtedza anavala gulovu yawo ya gofu, anaika mbale mu maikulowevu, anatchera mphindi zitatu pa moto waukulu, ndipo popeza sayansi payokha inali itawakhumudwitsapo kale, anapempha a Ivy kuti apemphere. Anthu anayi akuluakulu anaima mozungulira, mitu yowerama, mbale ya mchenga ikuzungulira m'kuwala kwachikasu, pemphero likuthamangitsana ndi wotchi. Belu linalira ameni asanafike, ndipo a Kamtedza analengeza kuti akumva kale kupepuka m'chala.

Mchenga utazizira, a Mbewe anautapa pang'ono n'kuufikisa pakati pa zala. Anauyang'anitsitsa pa kuwala kwa pa windo, anaununkhiza, anaufikisanso.

"Bwanji?" anafunsa a Kamtedza.

"Ndi mchenga basi," anatero a Mbewe. Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Wa ku Mvurwi ndi wosalala kuposa uwu. Baba ankasalaza wabwino kuposa uwu."

A Kamtedza anatenga kabotolo, nagwira fanulo ya pepala ndi dzanja la gulovu kuti ngakhale kamchenga kamodzi kasatayike.

"Thirani bwino, asebele," anatero. "Akauone okha."

Loweruka chinkhoswe chinachitika, ndipo Njovu ya ku Croydon inalankhula mphindi makumi asanu, phazi lamanja lili m'patapata, za umodzi wa mabanja ndi kuipa kwa zikhulupiriro zachikale. Lachiwiri kabotolo kanakwera ndege, katakulungidwa m'sokosi ya gofu, ndipo pa zonse zimene zinali m'nyumba ya a Mbewe, ndi ko kokha kamene kanapita kwawo chaka chimenecho.